Madzi Ochokera Pansi pa Sitolo ya Simenti

Kunali kusesa chabe. Dzuwa likulowa, a Simenti, amene dzina lawo lenileni tinaliiwala poti ngakhale akayetsemula ankatulutsa fumbi la simenti, ankasesa m'sitolo mwawo kuti atseke. Tsache linanyowa. Anayang'ana kudenga, malata ali bwinobwino. Kunja mvula inali isanagwe ngakhale dontho. Koma pakati pa matumba, konkire inkachita thukuta, madzi akuda onunkha matope a kudambo. Sitolo ya pachitunda, anthu inu, pomwe ngakhale mbuzi imafika ili wefuwefu!

Mawa lake madzi anafika mu akakolo. Kenaka m'mawondo. Ankabwera madzulo, m'mawa kulibe, koma matumba apansi atasanduka miyala. Wowotcherera zitsulo wa pafupi analumbira kuti amamva achule akulira pansi pa konkire, ndipo chule mmodzi amatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Tinasiya kuseka tsiku lomwe mlonda wa sitoloyo anapezeka atafa pakhonde pouma, zovala zouma, koma m'kamwa ndi m'mphuno muli ndere.

Sitoloyo bambo awo anasiyira anthu awiri, a Simenti ndi mng'ono wawo, munthu wofatsa woti ntchentche ikamutera amaipepesa. Onse awiri analipo pamene wa inshuwalansi anabwera, tayi mpaka pamchombo, akulankhulira m'mphuno.

"Bambo, inutu munagula ya mphepo yamkuntho. Mphepo ikasasula denga, mvula n'kulowera pamwamba, timalipira. Madzi ochokera pansi ndi kusefukira. Imeneyo ndi ina, simunagule."

"Kusefukira kwa mtsinje uti? Mwauona mtsinje kuno?" anafunsa a Simenti.

"Ine za mitsinje sindidziwa, bambo. Ndimaona pamwamba ndi pansi basi."

Atapita, a Simenti anakhala pathumba louma, mutu uli m'manja. Katundu ankatha, ndipo sitoloyo ndiyo inali zonse.

"Achimwene," anatero mng'onoyo motsitsa mawu, "mphepo imasiya dzina? Muzule misomali ya padenga, ine ndidzachitira umboni kuti inali mphepo."

Akazi awo a Simenti atamva anawagwira mwendo.

"Bambo ake, musakwere. Malata aja anakhoma ndi bambo anu ndi manja awo. Anati msomali umodzi usadzazulidwe."

"Ndiye tidya misomaliyo?"

Madzulo a Simenti anakwera padenga ndi hamala. Msomali woyamba unalira ngati kamwana. Wachiwiri unatuluka wofunda. Atatukula lata n'kusuzumira pansi, fungo la matope linawamenya kumaso. Madzi anali atafika m'mawindo, ali phee. Pamwamba pa matumba panakhala anthu ali mbulanda, atazolika mitu. Mlonda uja, amene tinamuika m'manda tonse tikuona, anaima m'madzimo mpaka m'khosi, maso ali tong'o.

Mmodzi wa anthuwo anatukula nkhope.

"Pitirizani, achimwene. Pansi pokha sitimakufikirani."

Wowotcherera zitsulo akuti anamva mawu a Simenti ali padenga, ang'onoang'ono ngati a mwana.

"Iwe? Mwana wa mayi anga?"

Kenaka mphepo. Mphepo ya nyumba imodzi, abale! Zovala pachingwe cha pafupi sizinagwedezeke, nkhuku sizinadzidzimuke, koma malata onse anauluka ngati mapepala, kupita komwe sitinawaonenso.

Kutacha, m'sitolo munali mouma, fumbi lokhalokha. A Simenti anali chagada pamatumba, hamala ili m'manja, mimba itatupa ndi madzi. Akazi awo analira mpaka mawu kutha. Wa inshuwalansi anafika, nayang'ana thambo kudzera m'mitengo ya denga, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Eya, iyi ndiye mphepo. Iyi timalipira. Mwini wake watsala ndani?"

Mng'ono uja anakweza dzanja mwaulemu. Madzi akuda ankatsika m'mkono mwake, kudontha pachigongono. Tonse tinaona. Palibe anatsokomola.