Bokosi Losamanga la M'buti

Rodney anatseka shedi yake ku Chiputula mdima utagwa kale, mtima ukumuwawa. Tsiku lonse anapinda msana m'buti mwa galimoto ya Lusayo, kuika sabuwufa. Zaka khumi ndi ziwiri pantchitoyi, ankadziwa bwino kuti bokosi la sipika limayang'ana kuchitseko cha buti, kuti besi ikagunde kaye kumeneko n'kubwerera yokhuta, ndipo limamangidwa ndi mabawuti anayi. Koma Lusayo, poti galimoto ndi yake, anasanduka mphunzitsi.

"Musandiboolere galimoto, adada. Ingolitsamizani kumpando, ndizilimva kumsana."

Rodney analitsamiza. Ndipo galimoto yomweyo inali itanyamuka madzulowo kupita ku ukwati ku Karonga, mwana wa Rodney, Wiza, woperekeza mkwatibwi, ali pampando wakumbuyo.

Rodney analowera wapansi njira ya ku Mzilawaingwe, chifunga chili tolo. Atafika pafupi ndi manda, anamva besi. Du... du... du... Osati m'makutu. M'chifuwa. Anacheuka. Panalibe galimoto. Panalibe nyali.

Pambali pake pankayenda mayi wovala yunifolomu ya kwaya, nsapato imodzi yokha, dzanja litagwira kumbuyo kwa khosi.

"Monire, adada. Bokosi lija munamanga?"

"Bokosi liti, amama?"

"Limalemera chomene. Mpando suligwira."

Mayiyo anachotsa dzanja lija. Mutu unagwera paphewa... ngati wa nkhuku yopotokola! Du... du... Rodney analiyatsa liwiro. Anagwa. Anadzuka. Sanacheukenso.

Anakagogoda kwa Yona, woyandikana naye nyumba, amene kale ankayendetsa takisi. Yona anamvetsera zonse atazolika.

"Ya kwaya, nsapato imodzi? Ndi Marjorie ameneyo. Anafera m'takisi mwanga zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo agona m'manda omwewo. Ndinaponda buleki mwadzidzidzi kupewa wa kabaza. Bokosi linathyola mpando n'kumupeza pakhosi. Ena tonse tinatuluka opanda ndi bala lomwe."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena chiyani? Unaliika ndiwe, wokukaniza kuboola ndinali ine. Anthu ndinangowauza kuti ndi ngozi."

Mantha a Rodney anasanduka ukali, wokwiyira Yona, Lusayo, makamaka iye mwini, munthu wodziwa ntchito koma wosatha kukana. Nthawi imeneyo galimoto ya Lusayo iyenera kuti inali ikuyandikira mtsetse wa Chiweta, kumene buleki sapuma. Anaimbira Lusayo. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbira Wiza. Inaitana, inaitana...

Akanaimva ndani? Besi ija anaikonza yekha, ndipo anaikonza bwino.