Chala cha Abiti Jafali

Kanong'ona kanali kachipangizo kakang'ono ngati nyemba. Munthu ankakamata kuseri kwa khutu, iko n'kumalankhula kudzera m'fupa, mwakuti ngakhale amene wakhala naye pa benchi limodzi sankamva kanthu. M'chaka cha 2068 theka la anthu a mumsika wa Limbe linali nako. Ukaona mayi wa tomato akugwedeza mutu yekhayekha, kapena bambo wa m'butchala akumwetulira mwendo wa mbuzi, usati ndi misala ayi. Kameneko kanali kanong'ona kakuwauza mmene masheya awo ayendera.

Enelesi Makwinja, telala wa mu shedi ya kumunsi, anagula kake mu Novembala. Mvula inali itakana chaka chimenecho, ndipo dzuwa linkaotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Atangokamata, kanampatsa moni waulemu n'kuyamba kumuphunzitsa.

"Masheya ndi tizidutswa ta kampani," kanatero. "Mukagula, mwakhala mmodzi wa eni ake. Kampani ikamachita bwino, ambiri amafuna tizidutswato ndipo mtengo umakwera. Ikapunthwa, aliyense amathawa, mtengo n'kugwa. Alipo masheya oyenda pang'onopang'ono, alipo ena olumpha. Olumphawo atha kukulemeretsani sabata ino, sabata yamawa n'kukusiyani chimanjamanja."

"Ndiuze za olumphawo."

"Ndikuuzani, mayi, koma yambani mwamva izi. Musaikepo ndalama imene mungaifune mwadzidzidzi. Musaike zonse pa kampani imodzi. Ndipo musanagule, dziwiranitu mtengo umene mudzagulitsire zinthu zikavuta."

Enelesi anamva malangizowo ngati mmene timamvera zolengeza za kutchalitchi, khutu lili pompo, mtima uli kwina. Mtima wake unali pa kampani yotchedwa Mkamamitambo. Kampaniyi inali ndi tindege mazanamazana tosakwera munthu, tomwe tinkakusa mitambo pamwamba pa phiri la Mulanje, kuiwaza mankhwala, n'kukaikamira pa munda wa amene walipira. Eni minda ya tiyi ndi ya nzimbe ankachita kulimbirana. Kumwamba kukamauma, masheya a Mkamamitambo ankakwera.

Anayesa ndi kandalama kake, ndipo patatha masiku asanu ndi anayi kanali katawirikiza. Kuyambira tsiku limenelo Enelesi sanakhalenso pansi bwinobwino. Ankasoka mzere umodzi n'kufunsa, "Zili pati?" Kuluma ulusi, "Zili pati?" Diresi ya mkazi wa abusa anaisokera thumba mozondoka. Chomwe chinkamudya n'chakuti phindulo linali lochepa chifukwa mpamba unali wochepa, pomwe ndalama yaikulu inali itangogona m'manja mwake.

Ndalamayo sinali yake. Enelesi anali msungichuma wa gulu la Tisamalane, amayi makumi awiri ndi anayi a mumsikamo, omwe Lachisanu lililonse ankasonkha m'thumba la maliro. Pangano lawo linali lomveka: mmodzi wa iwo akamwalira, thumba ligula bokosi kapena nsanda, lilipira galimoto yabwino yokamutula kwawo, ndi chakudya cha pamaliro. Kale agogo awo ankasunga ndalama zotere m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu. Mabokosi anatha, koma mwambo sunathe. Tsopano thumba linkatseguka ndi zala zitatu zodinda pa galasi la foni: cha Enelesi, cha atcheya Mai Sinoya, ndi cha Abiti Jafali wogulitsa usipa, yemwe kwa zaka khumi ndi chimodzi sanadumphepo Lachisanu.

Pa msonkhano wa sabata imeneyo, kuseri kwa shedi, Enelesi analankhula ngati mlaliki.

"Amayi, galimoto ya maliro yakwera kawiri chaka chino. Ndalama yathu ikungogona, ikuonda. Masabata atatu okha, tiiwirikiza n'kuibweza pamalo pake."

"Achemwali, ndalama ya maliro siyenda ulendo," anatero Abiti Jafali akuthamangitsa ntchentche ndi mpango. "Imakhala pakhomo, nsapato zili kuphazi."

"Nanga alipo akudwala pano? Tonsefe tili gwa!" anayankha Enelesi.

Amayi anaseka. Enelesi anawaonetsa phindu lake, ndipo manja anakwera, la Abiti Jafali pomalizira. Enelesi anaika foni pa lichero n'kulamula kanong'ona kuti kalankhule mokweza kudzera m'fonimo.

"Ndiyenera kukuchenjezani," kanatero. "Iyi ndi ndalama imene ingafunike mwadzidzidzi, ndipo mukuiika yonse pa kampani imodzi yolumpha."

"Tamva, tamva," anatero Mai Sinoya.

"Mundilola kuti mtengo ukagwa kwambiri ndigulitse ndekha, kuti mupulumutseko zotsala?"

"Iyayi! Chinthu chopanda m'mimba chigulitse ndalama zathu chokha? Zala zitatu pogula, zala zitatu pogulitsa."

"Chabwino. Funso lomaliza. Mmodzi wa inu atatu akamwalira, ndani alowe m'malo mwa chala chake? Tchulani dzina."

 

"Chati chani chimenechi?" anafunsa mayi wina wa kumbuyo. "Chikutilodza?"

Palibe anafuna kutchula dzina, ndipo palibe anafuna kutchulidwa. Ukatchulidwa lero kuti ndiwe wolowa m'malo mwa uje, uje uja mawa n'kudwala mutu, msika wonse udzakuloza chala kuti unkadikirira. Abiti Jafali ndi amene anayankha, akuseka mpaka kuoneka dzino lake lagolide.

"Kauzeni kanyemba kanuko kuti ine ndikadalipo. Ndikafuna kupita ndidzatsanzika."

"Mukhoza kulidumpha funsoli," kanatero kanong'ona, "koma mudziwe kuti…"

"Dumpha!" anakuwa amayi pamodzi.

Kanadumpha. Taonani anthu, amayi oti Lachisanu lililonse ankasonkhera imfa, koma kuitchula pamaso pa munthu wamoyo kunawakanika. Zala zitatu zinadinda, ndipo thumba lonse linasanduka masheya a Mkamamitambo.

Masabata awiri otsatirawo mtengo unakwera, Enelesi n'kumaonda. Chakudya sichinkalowa. Ankatuluka mu shedi kakhumi pa tsiku kukayang'ana kumwamba, ndipo akaona kamtambo mtima unkagunda ngati waona wangongole. Amayi ake anaimba foni kuchokera ku Phalombe kudandaula kuti chimanga chomwe anadzala ndi mvula yonama chafota chonse. Enelesi anati pepani, Mulungu aona, koma pansi pa mtima ankati mvula ikanebe pang'ono. Atadula foniyo anachita manyazi kwambiri. Manyaziwo sanakhalitse, chifukwa posakhalitsa anafunsanso kuti zili pati.

Lachinayi m'mawa kanong'ona kanayamba kokha.

"Mayi, mphepo yatembenuka kunyanja ya mchere. Mvula yaulere ikubwera, ndipo ikagwa palibe adzagule ya kampani. Thumba lanu latsala pang'ono kuwirikiza. Ndikadakhala inu ndikadagulitsa lero."

Enelesi anasuzumira panja. Kumwamba kunali mbee. Abiti Jafali anali pomwepo patsidya pa kanjira akuyeza usipa m'mbale, Mai Sinoya nawo anali pa benchi lawo. Kuwaitana kukanangotenga mphindi ziwiri. Koma iye anali atalonjeza kuwirikiza, ndipo ankafuna kuti mawa pamsonkhano amayi amuimbire nthungululu.

"Mawa," anatero.

Mawa lakelo linafika ndi nkhani ina. Abiti Jafali anagwa akumasula thumba la usipa, msika ukungotsegulidwa kumene. Anthu anathamangira nawo kuchipatala, koma nthawi ya naini isanakwane anali atatisiya. Madokotala anati ndi mtima.

Enelesi ndi Mai Sinoya atafika, anapeza Asiyatu, mwana wamkazi wa malemuwo, ataima pakhomo la chipinda chogonekamo mitembo, maso ali psuu. Abiti Jafali anali Msilamu, ndipo abale ku Ntaja anali atayamba kale kukumba manda kuti aikidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Pabwalo panaima galimoto ya maliro, yoyera, yodziyendetsa yokha, yozizira m'kati. Chitseko chake sichinkatseguka mpaka ndalama italowa.

"Azakhali, mwabwera bwino," anatero Asiyatu. "Amayi ankati zonse ndi za gulu, ine ndisadzavutike."

Enelesi anangogwedeza mutu. Anakokera Mai Sinoya pambali. Kum'mawa, mbali ya Mulanje, kumwamba kunali kutada bii.

"Gulitsa zonse msanga," ananong'ona.

"Mtengo wayamba kale kutsika," kanayankha kanong'ona. "Dindani."

Anadinda iye, anadinda Mai Sinoya.

"Chatsala chimodzi."

Amayi awiriwo anayang'anana. Mai Sinoya anagwira pakamwa. Enelesi anayenda uku, anabwerera uku, thukuta lili kamukamu. Kenaka anachita chinthu chimene mpaka lero sachikamba. Anapita kwa Asiyatu, nagwada pa simenti, n'kumuuza zonse: za masheya, za zala zitatu, za funso lomwe analidumpha. Pomaliza anapempha kuti amulole kulowa.

Asiyatu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anangotsegula chitseko.

Dzanja la Abiti Jafali linali lisanaume, ndipo linkamvekabe kafungo ka usipa. Enelesi analinyamula, nati, "Pepani achemwali, ndikhululukireni," n'kudinda chala chachikulu pa galasi.

"Pepani, mayi," kanatero kanong'ona mofatsa. "Chala ichi chilibe kugunda kwa mtima."

"Koma ndi chawo! Si ukuchidziwa iwe?"

"Ndikuchidziwa. Anandipanga chonchi dala, kuti akuba asamadule anthu zala n'kumatsegulira ndalama zawo. Chala cha munthu wakufa sindingachilandire."

"Ndiye titani? Nena msanga!"

"Popeza simunatchule wolowa m'malo, lamulo likuti mubweretse kalata ya imfa, ndipo thumba lidzatseguka pakatha masiku makumi atatu."

"Masiku makumi atatu? Munthu akuikidwa lero!"

"Ndikudziwa, mayi. Palibe chomwe ndingachite."

Pamenepo padenga panamveka dontho loyamba, kenaka lachiwiri, kenaka chiphokoso choti sungamve mnzako. Panja anthu anayamba kukuwa ndi chimwemwe. Enelesi anabweza dzanja lija pansi pa nsalu, nalira mokweza, misozi ya chisoni yosakanikirana ndi ya manyazi.

Asiyatu sanatukwane, ndipo kukanakhala bwino akanatukwana. Anangoti, "Azakhali, amayi ankagona ndi njala Lachinayi kuti Lachisanu asapite kugulu chimanjamanja. Ine ndinkawaona."

Amayi a Tisamalane anayendetsa mbale mumsika, koma unali mwezi wa chilala, ndipo zomwe zinapezeka sizinafike ngakhale theka la mtengo wa galimoto ija. Inadikira mphindi zake, kenaka inayatsa nyali n'kutuluka pageti yokha, kupita kwa ena olipira. Enelesi anathamangira ku shedi yake mvula ili pamsana, natenga mpukutu wa nsalu yoyera yomwe anasungira mayunifolomu a kwaya, kuti ikhale nsanda. Mai Sinoya anachonderera dalaivala wa chilole chakalekale, chomwe chinali chitangotsitsa anyezi ndipo chinkabwerera chopanda katundu mbali ya Ntaja.

Umo ndi mmene Abiti Jafali anapitira kwawo, atagonekedwa pa mphasa pakati pa makoko a anyezi. Enelesi anakana kukhala kutsogolo. Anakhala kumbuyo, iye mbali iyi, Asiyatu mbali inayo, atagwira lona yomwe anafunditsa mtembo kuti mphepo isaivundukule. Njira yonse anthu anali panja. Ku Namadzi amayi ankatchera ndowa ndi mabeseni akuvina, ku Domasi abambo anali kale m'minda ndi makasu. Dziko lonse linali pa chikondwerero, ndipo m'khutu mwa Enelesi kanong'ona kankangowerenga mokhulupirika: thumba latsika ndi theka, latsikanso, ogula palibe.

"Khala chete," anatero Enelesi.

"Ndamva, mayi."

Kanakhaladi chete, koma mtima wake sunakhale chete. Atadutsa Liwonde chilole chinatitimira m'matope, ndipo pomwe ankachitulutsa dzuwa linali litapendeka kale. Anafika pamudzi kukuchita chisisira. Ashehe anayang'ana kumwamba, anayang'ana manda odzaza madzi, nati mwambo uchitika mawa.

Amayi a pamudzi anabwera kudzanyamula m'bale wawo. Mmodzi wa iwo, mkulu wake wa malemu, wokalamba ndithu, anakwera m'chilolemo mothandizidwa. Anatola khoko la anyezi lomwe linamatirira pa nsalu yokutira mtembo, naliyang'ana, kenaka anayang'ana mlendo wonyowa yemwe anali atagwirabe lona.

"Inu ndinu a kugulu?" anafunsa mwaulemu. "Mng'ono wangayu ankatinyadira nalo kwambiri gulu lanulo. Ankati tsiku lake likadzafika, adzabwera kuno ngati mfumukazi."

 Enelesi anatsika n'kutsatira mtembo m'matope, mutu uli pansi. Kachipangizo kosadwala, kosakalamba, kanakumbukira kuti munthu amafa, koma eni ake thumba la maliro ndiwo anaiwala.