Njovu ya Makutu Ang'onoang'ono

"Nyama izizi sizikudziwana," anatero Che Ahmadi uku akukankha thabwa lija ndi dzanja lamanzere.

Zuleikha anali chilili pakhondepo, utuchi uli mbuu pa yunifolomu yake ya sukulu. Thabwalo analigwirira ntchito masabata atatu, ndipo tsikuli analifukata ngati khanda mu minibasi kuchokera ku Maselema mpaka kwawo ku Machinjiri. Panali mkango, njovu, nyamalikiti, mbidzi ndi ng'ona, zonse zotumphuka bwino, zothithikana mpaka m'mphepete.

"Ababa, taonani bwinobwino. Ndapangira inuyo."

"Ndaona. Mbidzi n'kumadya msipu pamphuno pa mkango? Nanga njovu ya makutu ang'onoang'ono chonchi unaiona kuti? Imeneyi si ya kuno ayi."

Atatero anatembenuka n'kumayang'ana kumsewu. Zuleikha anatola thabwa lake, misozi ili lengelenge.

Asanadwale sitiroko chaka chatha, Che Ahmadi anali mmisiri wosema ziboliboli. Zuleikha anakula akudzutsidwa ndi kugogoda kwa tchizulo kuseri kwa nyumba. Akaweruka kusukulu ankakhala pachitsa, bambo akewo akusema uku akung'ung'udza nyimbo za Chiyao. Koma tsopano dzanja lawo lamanja linali lofooka, zida zinali m'thumba pansi pa bedi, ndipo tsiku lonse ankangokhala pampando, kuyankha anthu ndi mutu. Kuseri kuja kunamera chisoso. Zuleikha ankawasowa bambo ake, chikhalirecho ankagona nawo nyumba imodzi.

N'chifukwa chake anayamba kumapita kwa Anti Lubna, ang'ono awo a mayi ake, omwe anali ndi shopu yokhoma mipando ku Maselema. M'shopumo munali makina osema matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta. Pakompyutapo panali zithunzi zotumphuka za nyama ndi mitengo zomwe anthu ena anakonza kale. Ntchito inali yosankha, kukulitsa kapena kuchepetsa, n'kuziyala pamodzi. Kenako kampeni kozungulira ka makinawo kankatsatira mzere ndi mzere mpaka nyama zija zitatulukira pathabwa. Zuleikha ankaganiza kuti bambo ake akadzangoona nyama pamtengo, mtima wawo udzabwerera.

M'mawa mwake atangoweruka, Zuleikha anakaponya thabwa lokanidwa lija pamulu wa zidutswa kushopu kuja.

"Anti, ndasiya. Iwo aja palibe chimene chingawasangalatse."

Anti Lubna anavula magalasi otchinga fumbi n'kumuyang'ana. "Anena kuti chiyani?"

"Akuti njovu yanga si ya kuno."

"Iweyo njovu unaionapo?"

"Pa TV."

"Ndiye m'nyumba mwanu muli munthu amene anakulira m'mbali mwa Shire, akupirikitsa njovu m'munda ndi zitini, iwe n'kumakafunsa kompyuta? Tenga laputopu iyi, ubweretse Lolemba."

Loweruka m'mawa Zuleikha anayala mkeka pafupi ndi mpando wa bambo ake n'kutsegula laputopu ija.

"Ababa, ine njovu yeniyeni sindinaionepo. Ndiuzeni."

Kumsewu kunadutsa wogulitsa makala, kenako ana opita kumadrasa. Zuleikha anafufuza mpaka anapeza njovu ya makutu aakulu, ndipo anaiika pakati penipeni pa chithunzi chake chakale chija, n'kuonjezerapo mvuu ndi migwalangwa.

"Osati pakati," anatero Che Ahmadi, mawu akutuluka mokoka. "Isunthire kuno. Pakati pakhale madzi."

Zuleikha sanatembenuke, poopa kuti angasiye kulankhula. Anangoisuntha.

"Yaikazi yaikuluyo ndiyo imatsogola. Imaima kaye, chitamba m'mwamba, kununkhiza mphepo. Mwana umuike kuseri kwa miyendo yake, azingooneka theka. Mvuuyo waiimikiranji pamtunda dzuwa lili pamutu? Imize. Atsale maso, makutu ndi mphuno basi."

Zuleikha anaitsitsa mvuu ija mpaka inamira. Bambo ake anasendeza mpando.

"Aa, zimatheka eti? Nanga migwalangwa ya tsidya lija ungaichepetse? Za kutali zisamatumphuke kwambiri. Diso liziyamba ndi za pafupi, za kutali lizipeze pambuyo."

Mkango uja Zuleikha anauchotsa. Nyamalikiti nayenso anapita, poti akuti kwawoko kunalibe. M'malo mwake munalowa bango, ndi kakowa mmodzi pamsana pa njovu. Che Ahmadi ankaloza ndi chala, nthawi zina kukalipa, nthawi zina kusokonekera n'kuyamba kufotokoza m'Chiyao. Anasimba za nkhungu ya m'mamawa pamtsinje, ndi za kulira kwa mimba za njovu komwe munthu amakumvera m'chifuwa. Mayi ake a Zuleikha anatuluka kukhitchini ndi mbale m'manja, anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anabwerera mwakachetechete akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Pofika masana chithunzi chinali chitatha, kupatula pangodya ya m'munsi kumanzere, pomwe panali popanda kanthu. Zuleikha anakokerapo kambawala.

"Pamenepo pasiye," anatero bambo ake.

"Koma pakuoneka ngati taiwala."

"Ndati pasiye." Kenako analoza m'nyumba. "Pita kuseri kwa kabati kuchipinda. Kuli thabwa la mlombwa. Ndalisunga zaka zisanu ndi zitatu, ndimati ndidzasema ndekha."

Lachitatu masana Che Ahmadi anavala mkanjo wawo woyera, anatenga ndodo, n'kukwera minibasi ya ku Maselema. Chidwalireni anali asanapiteko kwina kulikonse kupatula kuchipatala. Anti Lubna anawalonjera n'kuwaikira mpando patali ndi fumbi, koma iwo anaukokera pafupi ndi makina.

Zuleikha anamanga thabwa lija pamakina. Akalakwitsa, lina ngati limenelo kunalibe. Anayang'ananso miyeso kawiri, kenako anadina batani. Kampeni kanayamba kulira, fungo la mlombwa linadzaza m'shopu monse. Che Ahmadi anatseka maso n'kupuma mozama. Kwa maola atatu sanachoke pampandopo. Msana wa njovu unatuluka, kenako makutu, kenako bango.

Makina atazima, Che Ahmadi anasisita thabwa lonse ndi dzanja lamanzere.

"Makinawa asema, koma asiya timizere. Ndipatse sandipepa. Iwe gwira thabwali lisagwedere."

Anagwira ntchito awiriwo, mitu itagundana, mpaka khungu la njovu linasalala. Atafika pangodya yopanda kanthu ija, Zuleikha analephera kupirira.

"Ababa, apapa bwanji munakana kuti tiikepo chinthu?"

Che Ahmadi anaika sandipepa pansi. "Apa panali mchenga. Ndinkaima apa ndi amayi anga, agogo ako omwe sunawaone, tikabwera kudzatunga madzi. Tikapeza njovu zikumwa, ankandigwira phewa kuti ndisathawe. Tinkadikira chomwecho mpaka zitamaliza."

"Mudzapite nane kumeneko. Ndikufuna ndikaime pomwepo."

"Mchengawo unapita ndi madzi osefukira kalekale, mwanangu. Mudzi womwe unasamuka. Ngakhale ineyo sindingapalozenso." Anaimika thabwa lija patebulo. "Koma tagwada apa. Diso lako likhale pangodyapo. Ukuona chiyani?"

Zuleikha anagwada pautuchi n'kusendeza nkhope yake pamalo opanda kanthu paja. Kuchokera pamenepo zonse zinasintha. Bango linali lalitali kumuposa, migwalangwa inali kutali tsidya lina, ndipo njovu yaikazi ija inali pamwamba pake, makutu tambalale, chitamba m'mwamba.

"Ababa," ananong'ona, "ikundiyang'ana."

Anamva dzanja lolemera, lonjenjemera, likutera paphewa pake. Linali lamanja lija.

"Usasunthe," anatero Che Ahmadi. "Isiye imwe kaye."