Liva ya Kumanzere

Loweruka, 2 koloko masana, Edwin Tembo ankatsuka galimoto panja pa nyumba yake ku Hamilton, m'dziko la Canada. Kunamveka kaphokoso katatu motsatizana, pha! pha! pha! Zipolopolo ziwiri zinaswa galasi la galimoto. Chachitatu chinalowa m'diso lake lakumanja.

Edwin anali wa ku Chipata, dalaivala wa basi ya mumzinda. Madokotala anapulumutsa moyo, koma diso linapita. Ntchito inathera pomwepo.

Anastazia Mwale, yemwe ankaimba kwaya imodzi ndi Edwin, anapita kukamuzonda kuchipatala Lamlungu. Pakhomo la wodi anakumana ndi Sajeni Olivia, wapolisi wofufuza milandu, akuonetsa aliyense kavidiyo kochokera pakamera ya neba. Munthu wovala chipewa anali kuseri kwa mpanda, nkhope yosaoneka, mfuti ili paphewa. Ankawombera, kukoka kachitsulo pambali, kuwomberanso.

"Iyi ndi mfuti ya mpweya, koma yosinthidwa," anatero Sajeni. "Anachotsa chitsulo cholowetsera chipolopolo, n'kuikapo china cha liva yapambali, kachitsulo akukoka aka. Anawonjezeranso mphamvu. Liva zambiri zimakhala kumanja. Iyi ili kumanzere. Mukudziwa wamanzere aliyense wokonda mfuti zoterezi?"

"Ayi," Anastazia anayankha msanga.

Koma linali bodza. Wamanzere ankamudziwa. Anali Kondwani, mlongo wake wamng'ono, amene anamubereka kumsana, n'kudzamuitanitsa ku Canada. Ali mwana, mayi awo ankamuthibula dzanjalo ndi chipande kuti azidyera lamanja. Sizinathandize. Chichokereni mkazi wake Lindiwe, Kondwani ankagona kuchipinda chapansi kwa Anastazia, tsiku lonse ali m'galaja ndi mfuti zake, akuboola zitini. Liva ija anaitanitsa pa intaneti, anaidikira milungu isanu ndi umodzi. Itafika anamuonetsa monyadira.

"Onani, achemwali. Koyamba m'moyo mwanga, chinthu chopangira dzanja langa."

Ndipo Edwin ndi amene ankatengako Lindiwe m'mawa popita kuntchito.

Masiku atatu Anastazia sanafunse kanthu. M'galaja mfutiyo munalibe. Mtima unakhala pansi pang'ono.

Lachitatu m'mawa, lole yotenga katundu wopita kumudzi inkayembekezeka 10 koloko. Mgolo wabuluu wa Anastazia unali wodzaza zovala, sopo ndi mafuta ophikira. Kondwani ndiye anadzipereka kuutseka dzulo lake. Koma Anastazia anakumbukira kuti waiwala kuikamo nsapato za mayi. Anadula waya, n'kuvundukula. Pamwamba panali bulangete lomwe iye sanaikemo. M'kati mwake munali mfuti, yomasulidwa pawiri.

Kondwani anatulukira ali ndi kapu ya tiyi. Anaima chilili.

"Iwe Kondwani, ichi n'chiyani?"

"Achemwali, ndimangofuna kuswa galasi. Anawerama mwadzidzidzi."

"Edwin ali ndi ana atatu."

"Ndiye azisiye za akazi a eni!"

"Lindiwe alibe galimoto, chitsiru iwe! Amapita njira imodzi, basi." Anastazia analoza mgolo. "Nanga umati ipite m'dzina langa? Nyanja yonseyi pano, osataya?"

Kondwani anayang'ana pansi. "Ndi yatsopano, achemwali. Ndinaona chisoni kutaya. Ndimati amalume azikaphera mbalame kumunda wa mapira."

Anastazia anaseka kuseka kowawa. Ngakhale pobisa mlandu, mwana wa mayi ake sakanataya chinthu choti chikugwira ntchito.

"Tsekani, please. Lole ikangonyamuka, zatha. Ndine mwana wanu ine."

Anastazia anayang'ana dzanja lamanzere la Kondwani litagwira kapu ija. Kenako anakumbukira bandeji ya Edwin, ndi mwana wake wamkazi akufunsa ngati diso limameranso. Analowa kukhitchini, natseka chitseko, naimba nambala yomwe Sajeni anamupatsa.

Apolisi anafika 9:40. Kondwani sanathawe. Anamupeza atakhala pafupi ndi mgolo, tiyi atazizira. Sajeni Olivia anatukula bulangete, nayang'ana liva, nagwedeza mutu.

"Kondwani Mwale, tikukumangani."

Pokwera galimoto Kondwani sanatembenuke.

Kukhoti anavomera mlandu. Woweruza anamupatsa zaka zisanu. Edwin anakhala kumbuyo, atavala magalasi akuda. Potuluka anamugwira Anastazia paphewa.

Patapita miyezi inayi mayi anaimba foni kuchokera ku Dedza. Anali asanauzidwe chilichonse.

"Mgolo wafika, mwanawe. Nsapato zandikwana. Koma pamwamba pali mpata waukulu, kodi atibera panjira?"

"Sanabe, amayi."

"Nanga Kondwani sanaikemo kanthu chaka chino?"

Anastazia anakhala pansi pamasitepe otsikira kuchipinda chija.

"Anaikamo, amayi. Ndinachotsa ndine. Khalani kaye pampando, ndikuuzeni."