Gulugufe ndi Nsikidzi

Panali mtsikana wina wosakhazikika. Anthu ankamutchula kuti Gulugufe. Gulugufe anali ndi vuto. Thupi linkamuyabwa. Ankakanda mkono. Ankakanda khosi. Ankakanda mwendo.

Tsiku lina m'kalasi, kachilombo kanatuluka m'chikwama chake. Kanayenda pa desiki.

"Nsikidzi!" anakuwa mnzake wokhala naye desiki imodzi. "Kwanu kuli nsikidzi!"

Ana onse anaseka. Gulugufe anagwira nkhope. Manyazi anamugwira.

Loweruka m'mawa, a zaumoyo anafika mumsewu wawo. Ankapopera mankhwala nyumba ndi nyumba.

Amayi anali kuseri, akuchapa. Gulugufe anathamanga. Anatseka chitseko, phaa!

"Odi! Odi kuno!" anaitana bambo wina wa zaumoyo.

"Kuno kulibe nsikidzi!" anayankha Gulugufe ali m'kati.

"Ha! Ine ndangoti odi," anatero bamboyo. "Chabwino, mwanawe. Ndili pa nyumba yachiwiriyo."

Bamboyo anapita. M'chipinda, khanda linayamba kulira. Anali mlongo wake wa Gulugufe. Gulugufe anamunyamula. Anaona timadontho tofiira pamsana. Anaona timadontho tofiira pamimba. Khandalo silinkatha n'kudzikanda komwe.

Manyazi anamugwiranso. Koma tsopano anali manyazi a bodza lija.

Gulugufe anapita kuseri. "Amayi, ndalakwa," anatero. "Ndabweza a zaumoyo. Ndawanamiza."

Amayi anapukuta manja. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero. "Pita ukawaitane."

Gulugufe anatsekula chitseko. Anayenda pang'onopang'ono, mutu uli pansi.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa mawu. "Kwathu ziliko. Zambiri."

"Wachita bwino kunena," anatero bamboyo. "Nsikidzi sizisankha nyumba. Kwathunso tinapopera mwezi watha. Tadzutsa mutu, uone."

Gulugufe anadzutsa mutu. Msewu wonse unali matiresi okhaokha! Matiresi aakulu. Matiresi aang'ono. Matiresi a zigamba.

Patsidya panali mnzake wa desiki uja. Anali atasenza mapilo. Ataona Gulugufe, anayang'ana pansi.

"Pepa," anatero mnzakeyo. "Kwathunso ziliko."

"Bwera undigwirize matiresi," anatero Gulugufe.

Anatulutsa matiresi. Anatulutsa mipando. Amayi ananyika mabulangete m'madzi otentha. Bambo uja anavala chophimba pakamwa. Anapopera pabedi. Anapopera m'ming'alu ya khoma. Fuu! Fuu! Fuu!

"Musalowe msanga," anatero. "Mudikire kaye panja."

Anadikira pamthunzi. Dzuwa litapendeka, Amayi anatsekula mawindo. Gulugufe anasesa pansi. Anayala nsalu zoyera.

Amayi anagoneka khanda pabedi. Khanda linayasamula. Linagona tulo tofa nato.

"Amayi, wagona!" anakuwa Gulugufe.

"Shii!" anatero Amayi akuseka. "Nsikidzi zamusiya. Tsopano ukufuna umudzutse ndiwe?"

Gulugufe anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Anakwera pabedi mwakachetechete. Anagona pambali pa mlongo wake.