Girini Watha M'kalasi mwa Teleza

Uyu ndi Teleza. Teleza ali mu Sitandade 1. Amakhala ku laini, kunyumba za antchito a pa esiteti, pakati pa minda ya tiyi.

Teleza akufuna chinthu chimodzi. Akufuna chithunzi chake chimatidwe pakhoma la m'kalasi. Cha mnzake Joy chinamatidwapo. Cha mnzake Filipo chinamatidwapo. Cha Teleza ayi. Olo kamodzi!

Tsiku lina Madamu Lestina anabweretsa mapepala. Papepala panali windo. Pansi pa windo panali bokosi. M'bokosimo munali maluwa.

Filipo anakweza mkono. "Madamu, maluwa m'bokosi? Kwathu m'bokosi mumagona nkhuku!"

Ana onse anaseka. Madamu nawonso anaseka kkkk.

"Pakani bwinobwino," anatero Madamu. "Chomaliza ndimata pakhoma mawa. Chosamaliza sindimata."

Teleza anatenga krayoni wofiira. Anapaka duwa. Anatenga wachikasu. Anapaka duwa lina. Anatenga wapinki. Anapaka duwa linanso. Bokosi analipaka bulawuni.

Kunatsala masamba.

Teleza anayang'ana m'chitini cha makrayoni. Girini mulibe. Anayang'ana pansi pa desiki. Girini palibe.

"Joy, girini uli naye?"

"Ndilibe."

"Filipo, girini uli naye?"

Filipo anatambasula dzanja. Munali kagirini kakang'ono, ngati njere ya mpunga. Kanagwa pansi. Kanasowa.

Koma abale kkkk. Ana akuno akamajambula amajambula tiyi. Lolemba tiyi. Lachiwiri tiyi. Nyumba, pambali tiyi. Galimoto, pambali tiyi. Ndiye girini amatha msangamsanga. Wapinki amangokhala, wamtali ngati watsopano.

Belu linalira.

"Kamalizeni kunyumba," anatero Madamu.

Teleza ananyamula pepala lake. Anayenda m'kanjira ka mu esiteti. Kumanja, tiyi wobiriwira. Kumanzere, tiyi wobiriwira. Kutsogolo, phiri lobiriwira. Girini paliponse! Koma papepala la Teleza girini palibe.

Kunyumba anapeza adadi pakhonde. Ankasoka nsapato. Mwai, kamlongo kake ka Teleza, kankakwawa pamphasa.

"Adadi, muli ndi girini?"

Adadi anapisa m'thumba. "Ndili ndi bolopeni ya buluu."

"Masamba a buluu? Adadi inunso!"

"Nanga a pinki?"

"Ayi!"

Teleza anakhala pansi. Anagwira tsaya. Mawa cha Joy chimatidwa. Cha Filipo chimatidwa. Cha Teleza ayi.

Kenako amayi anafika. Amayi amathyola tiyi. Amathyola tsiku lonse, masamba awiri ndi kansonga. Anatula dengu lawo. Anali otopa kwambiri.

"Wagwiriranji tsaya, mwanawe? Tatione."

Amayi anagwira pepala. Anayang'ana maluwa. "Eee, koma akongola!" Kenako anachotsa chala.

Papepala panatsala banga.

"Amayi! Mwandiwonongera!" Teleza anayamba kulira. "Madamu samata chakuda!"

"Iii, pepa mwana wanga," anatero amayi. "Ndinaiwala kusamba m'manja."

Amayi anayang'ana zala zawo. Zinali zothimbirira ndi madzi a masamba a tiyi. Anazibisa m'chitenje.

Teleza anapukuta misozi. Anayang'ana banga lija. Anayang'ananso. Banga linali pafupi ndi duwa lofiira. Linali lotalikirako pang'ono. Linali lobiriwira.

"Amayi!"

"Ndapepesa kale, Teleza."

"Ayi amayi, taonani! Ndi tsamba!"

Amayi anasuzumira. Adadi anasuzumira. Linali tsamba ndithu!

"Bweretsani chala," anatero Teleza.

"Chala chakuda chomwechi?"

"Chomwecho!"

Teleza anagwira chala cha amayi. Anadinda papepala. Tsamba! Anadindanso. Tsamba lina! Anadindanso. Koma tsopano silinaoneke bwino.

"Girini wathanso," anadandaula Teleza.

Amayi anaseka. "Kuno girini sakutha." Anagwedeza dengu lawo. Munagwa timasamba totsalira. Anatitikita pakati pa zala. Tikiti tikiti tikiti. Zala zinanyowa. Zala zinabiriwira.

Dinda, tsamba. Dinda, tsamba.

"Nanenso ndidinde," anatero adadi. Anasiya nsapato. Anatikita masamba. Anadinda ndi chala chachikulu. Phwa!

"Adadi! Limeneli ndi la nthochi!"

Onse anaseka kkkk. Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti.

Mwai nayenso anadinda. Kake kanali katsamba kakang'onong'ono. Atamaliza anafuna kunyambita pepala. Teleza anathawa nalo!

M'mawa Teleza anapereka pepala kwa Madamu.

Madamu anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananunkhiza.

"Teleza, girini unamupeza kuti?"

"M'manja mwa amayi, Madamu."

Filipo anathamanga kudzanunkhiza. "Chikununkhira tiyi! Kwangotsala shuga!"

Ana onse anaseka. Madamu anatenga selotepi. Anamata chithunzi cha Teleza pakhoma. Pakati penipeni!

Tsiku limenelo amayi anaweruka msanga. Masana anadutsa pasukulu, dengu lili kumsana. Teleza anawakokera pawindo la kalasi.

"Taonani amayi! Chamatidwa!"

Amayi anasuzumira.

"Lalikulu lija ndi la adadi," anatero Teleza. "Kakang'ono kaja ndi ka Mwai. Ena onsewo ndi anu."

Amayi anamwetulira. Anayang'ana zala zawo. Zinali zothimbirira ngati dzulo. Lero sanazibise.

Teleza anagwira dzanja la amayi. Anayenda limodzi mpaka kunyumba.