Makhadi Awiri pa Geti la Doko

Mtembo unapezeka nthawi ya 10:15 m'mawa, pansi pa masitepe a nsanja yakale younikira sitima, kumapeto kwa doko. Anali bambo wa zaka ngati makumi asanu, nkhongo itaphwanyika. M'matumba munalibe kanthu, koma pamkono panali kalamba kachikasu ka alendo a sitima yaikulu yomwe inakocheza m'mawa womwewo, kolembedwa chipinda 412. Sitimayo inali yoti inyamuke 4 koloko madzulo, ndipo ikachoka, mboni zonse zichoka nayo.

Wapolisi wofufuza milandu, yemwe anzake ankamutcha Kadzidzi, anayamba ndi wolondolera alendo, poti ogulitsa nsomba anamuona akukangana ndi malemuyo.

"Tinayambanadi, bwana," iye anatero. "Anawakalipira akazi awo pakati pa msika ngati mwana, ine ndinangoti pepani, pano ndi pagulu. Kenako ndinatengera gulu langa kutchalitchi chakale. Funsani onse."

Alendo khumi ndi awiri anamuchitira umboni. Apo n'kuti 1 koloko itadutsa.

Kadzidzi anapita pa geti la doko. Mlonda anayang'ana pakompyuta n'kupukusa mutu. "Bambo a mu 412 ali m'sitima. Khadi lawo lolowera m'sitima ladutsa pano 10:50."

"Nthawi imeneyo ine ndinali nditaimirira pambali pa mtembo wawo. Munawaona nkhope?"

Mlonda anati, "Kunali chigulu, bwana. Mlamu wawo ndiye anapereka makhadi awiri, n'kunena kuti anzakewo ali m'mbuyo ndi katundu."

Nthawi ya 2:40, Kadzidzi anagogoda pa chipinda 412. Mkazi wa malemu anali atakhala pabedi, atavala magalasi akuda ngakhale makatani anali otseka. Mchimwene wa mayiyo, bambo wamtali wa imvi, anaimirira pawindo.

"Alamu anu ali kuti?" Kadzidzi anafunsa bamboyo.

"Mwina ali kodyera."

"Tulutsani zomwe zili m'thumba mwanu."

Bamboyo anazengereza, kenako anaika makhadi awiri patebulo. Anakhala pansi.

"Ndimafuna sitima inyamuke, anthu aziti anagwera m'nyanja," anatero. "Sindinaganize za kalamba kaja. Tinakwera nsanja awiriwiri kukaona tauni kuchokera pamwamba. Ndinamupempha mwaulemu kuti, alamu, manja awa mulekere pomwepa. Anaseka. Akuti mkazi ndi wake, ine ndizikalamulira kwathu. Ndinamukankha."

Anatembenukira kwa mlongo wakeyo. "Vula magalasiwo, awone."

Mayiyo anavula. Diso lakumanzere linali lotupa mpaka kutsekeka, lakumanja lili ndi chipsera chakale.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikumuuza kuti apirire," bamboyo anatero. "Ine amene."

Kadzidzi anatulutsa unyolo, koma sanamumange pamaso pa mlongo wake. Anadikira mpaka atafika pakhonde.